Makatuni si a ana okha

Anthu ambiri akangoona katuni pa TV amati ndi za ana, n'kusintha tchanelo. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa kujambula ndi njira chabe yofotokozera nkhani, ndipo nkhaniyo itha kukhala yolemera. Mwachitsanzo, filimu ya katuni yotchedwa Grave of the Fireflies ya Isao Takahata wa ku Japan, yomwe inatuluka mu 1988, imakamba za mnyamata ndi mlongo wake wamng'ono amene akufa ndi njala pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mwana wamng'ono sangaipirire.

Nayo filimu yotchedwa Flee ya ku Denmark, yonena za munthu wothawa nkhondo ku Afghanistan, inapikisana nawo pa mphoto za Oscar mu 2022 m'magulu atatu, kuphatikizapo la mafilimu a nkhani zenizeni. Anaijambula ngati katuni kuti abise nkhope ya mwini nkhaniyo.