Kuphikira banja zakudya zopanda gluten uku mukuchepetsa thupi

Dokotala akanena kuti wina pakhomo asiye gluten, masiku oyamba wophika amasowa pogwira. Buledi wachoka patebulo, mabisiketi achoka, ngakhale kaufa ka tirigu kamene munkathira mu msuzi kuti ulimbeko nakonso kaletsedwa. Ngati inu ophika mukufunanso kuchepetsa thupi, mwina mwamva anthu akunena kuti kusiya tirigu kumaondetsa pakokha. Zimenezo si zoona. Kusiya gluten kumachiritsa matumbo a wodwala, pomwe kuchepetsa thupi ndi ntchito ina, yodalira kuchuluka kwa zimene mukuika m'mbale.

Gluten ndi puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi mbewu ina yofanana ndi tirigu yotchedwa rye. Ndi imene imachititsa ufa wa tirigu kunanda ukakandidwa, buledi n'kufufuma bwino. Anthu ambiri siiwavuta. Koma pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse ali ndi matenda a celiac. Munthu wotereyu akadya gluten, chitetezo cha m'thupi mwake chimalimbana ndi matumbo ake aang'ono, ndipo timinofu tooneka ngati ubweya timene timayamwa chakudya timafota. Zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba, mimba kufufuma, kutopa kosatha, kuchepa magazi, zotupa zoyabwa pakhungu, ndipo mwana amapinimbira. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndiye anaonetsa kuti tirigu ndi amene amayambitsa vutoli. Pa njala imene inagwa m'dzikolo mu 1944 mpaka 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso.

Chonde, musasiye gluten musanayezedwe. Achipatala amayeza magazi, kenako nthawi zambiri amatenga kachidutswa ka matumbo, ndipo zonsezi zimaonetsa zoona pokhapokha munthu akadali kudya tirigu. Wina akapezeka nawo, makolo ake, ana ake ndi abale ake a mimba imodzi akayezetsenso, chifukwa mwa achibale oterewa pafupifupi mmodzi mwa 10 amakhala nawo.

Chifukwa chake sikelo imakwera

Ambiri amadabwa kuti atasiya gluten thupi likuwonjezekera. Choyamba, matumbo akayamba kuchira amayamwa chakudya chimene kale chinkangodutsa. Kwa munthu amene anali wowonda ndi wofooka, imeneyi ndi nkhani yabwino. Chachiwiri chili m'mapaketi. Buledi, makeke ndi mabisiketi olembedwa kuti alibe gluten nthawi zambiri amapangidwa ndi ufa woyera wa mpunga kapena sitachi, ndipo kuti akome opanga amaonjezera shuga ndi mafuta. Sakhalitsa m'mimba, ndiye pakangopita kanthawi njala yabweranso. Mawu akuti mulibe gluten amangotanthauza kuti gluten sikupitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi ya chakudyacho. Sanena chilichonse za shuga kapena mafuta.

Poto mmodzi wa banja lonse

Langizo limene timalikonda kwambiri ndi ili: musaphike kawiri. Wophika miphika iwiri tsiku ndi tsiku amatopa, ndipo wodwala, makamaka mwana, amadzimva kuti wasalidwa akamaona anzake akudya zina. Mpunga, chimanga, mapira, mawere, mbatata, chinangwa, nyemba, mtedza, mazira, nsomba, nyama, mkaka, masamba ndi zipatso zilibe gluten mwachilengedwe. Chakudya chachikulu chichokere m'zimenezi, aliyense adye chomwecho. Msuzi mukhoza kuulimbitsa ndi ufa wa chimanga kapena mbatata yophwanya. Oats, mbewu yophikira phala, amafuna kusamala, chifukwa kawirikawiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda kapena kuchigayo. Gulani okhawo olembedwa kuti alibe gluten.

Kusiyana kukhale pogawa. Inu amene mukuchepetsa thupi, theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, mazira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo likhale mpunga, mbatata kapena chokhutitsa china. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo mwachindunji. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120, ndipo dzanja likapendeka pang'ono zalowa kale supuni zitatu inu osadziwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku, mchere wosafika magalamu 5, komanso kulimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kutsika ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata n'kokwanira.

Ana musawachepetsere chakudya chifukwa choti inu mukuonda. Mwana amene wangopezeka ndi celiac amafunika kudya mokwanira kuti abweze zimene thupi linataya, makamaka ayironi ndi kashiamu. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndiponso munthu wa matenda a shuga, ayambe wakambirana ndi achipatala asanasinthe kadyedwe.

Nyenyeswa zimavulaza

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Taganizirani m'mawa: mwana wapaka majarini pa buledi wa tirigu, mpeni womwewo waubwezera m'chitini, tinyenyeswa tatsalira pamwamba. Wodwala akapaka majarini omwewo, wadya gluten. Kwa munthu wa celiac, kachidutswa kakang'ono kotere kamapsereza matumbo ngakhale iye asamve kupweteka kulikonse. Ngati pakhomo ena akudyabe buledi wa tirigu, wodwala akhale ndi chitini chake cha majarini cholembedwa dzina, thabwa lake lodulira ndi sefa yake. Mithiko ndi zipande zamtengo zimasunga ufa m'ming'alu, choncho zatirigu zikhale pazokha. Mafuta amene mwakazingira chinthu chopakidwa ufa wa tirigu musakazingirenso chakudya cha wodwala. Yambani kukonza chake patebulo lopukuta bwino, ndipo m'kabati zakudya zake zikhale pashelefu yapamwamba kuti ufa usamagwere.

Gluten amabisalanso m'masoseji, m'timibulu tokometsera msuzi, mu msuzi wa soya, m'supu za m'mapaketi ndi mumowa wa balere. Muziwerenga paketi nthawi iliyonse pogula, ngakhale ya chinthu chimene munazolowera, chifukwa opanga amasintha zosakaniza.

Bwererani kuchipatala ngati kutsegula m'mimba kapena kutopa sikukusintha patapita miyezi ingapo, ngati mwana sakukula, kapena ngati thupi likutsika mofulumira inu musanachepetse chakudya. Popita tengani kope limene mwalembamo zonse zimene wodwala wadya sabata yathayi, kuphatikizapo zimene anadya kusukulu, kuntchito ndi kocheza.