Zoti malire anatsegulidwa n'zabodza, abale

Uthenga uja wabwereranso m'magulu a WhatsApp kuno ku Lusaka. Umati malire anatsegulidwa, mlendo wochokera ku Malawi alowe ndi chitupa cha unzika chokha, akhale mpaka atatopa, ngakhalenso kugwira ntchito. Wina amawonjezera nambala ya foni yoti mutumizeko ndalama kuti "akukonzereni mapepala".

Zoona zake n'zakuti Mmalawi safunika viza pobwera kudzacheza ku Zambia. Koma kusafunika viza sikutanthauza kuti pasipoti ingotsala m'sutikesi ku Mchinji. Pa chipata cha Mwami a Immigration amadinda chidindo n'kulemba masiku amene mlendo waloledwa. Masiku amenewo ndiwo ofunika, ngakhale ambirife timangotseka pasipoti n'kuthamangira basi ya ku Chipata osayang'ana n'komwe.

Wodzacheza amaloledwa masiku osapitirira 90 pa miyezi 12, wobwera pa za bizinesi masiku 30. Ngati azakhali abwera kudzathandiza chikuta ku Matero ndipo masiku odindidwa akutha, apite ku ofesi ya Immigration tsikulo lisanakwane kuti akawawonjezere. Ntchito yolipidwa imafuna chilolezo chakechake.

Mukakayika, tsegulani webusaiti ya Dipatimenti ya Immigration, adiresi yake imathera ndi gov.zm, kapena kafunseni ku ofesi komweko. Uthenga wopanda tsiku, wongoti "tumizani kwa onse", ndi wokayikitsa kale.

Chonde, ukakufikani musautumizenso. Wokauona mawa mwina ndi mlamu wanu ku Lilongwe, atagula kale tikiti.