Mlandu wa malo umene eni nthaka sanaitanidweko

Munthu akabwera ku ofesi ndi mkangano wa malo, ife a zamalamulo timayamba ndi funso limodzi: kodi amene anakugulitsaniyo anali ndi mphamvu zogulitsa? Funso lomweli ndi limene linafika kukhoti lalikulu la dziko la United States mu 1823, pa mlandu wa Johnson ndi M'Intosh.

Mu 1773 ndi 1775, makampani a azungu anagula malo aakulu kwa mafumu a eni nthaka a mitundu ya Illinois ndi Piankeshaw. Mmodzi mwa ogulawo anali Thomas Johnson. Kenako mu 1818, William M'Intosh anagula maekala oposa 11,000 kuboma, m'chigawo cha Illinois. Abale a Johnson, amene anawasiyira chuma, anati malowo ndi awo. Aliyense anali ndi chikalata m'manja: wina chochokera kwa mafumu, wina chochokera kuboma.

Mkulu wa oweruza, John Marshall, anagamula mokomera M'Intosh, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi chimene chimandiwawa. Iye anati dziko la ku Ulaya limene linayamba kufika m'dera ndi limene linatenga umwini weniweni wa nthakayo. Umwiniwo unachoka kwa Britain n'kupita kwa United States nkhondo ya ufulu itatha. Nanga anthu amene azungu anawapezawo, amene manda a makolo awo anali pomwepo? Anawasiyira ufulu wokhalapo ndi kugwiritsa ntchito malowo basi. Akafuna kugulitsa, wogula ndi boma lokha.

Taganizirani mayi amene wafika pamsika ndi dengu la chimanga, n'kuuzidwa kuti wololedwa kugula ndi mmodzi yekha. Mtengo audula ndani? Izi n'zimene zinachitikira mitunduyi pa nkhani ya malo.

Marshall mwiniwake anavomereza kuti ganizo loti "watulukira" dziko lomwe muli kale anthu lingaoneke lodabwitsa. Komabe anati makhoti a wogonjetsa sangakane umwini umene wabwera chifukwa chogonjetsa. Ndipo m'khotimo munalibe Mpiankeshaw kapena Mwillinois ngakhale mmodzi woyankhula. Panali azungu okhaokha, kulimbirana chinthu cha eni ake. Pa malamulo timaphunzira kuti munthu saweruzidwa asanamvedwe, koma apa mitundu yathunthu inaweruzidwa ili kutali.

Chigamulochi sichinathere m'mabuku akale. Mu 1847, khoti la ku New Zealand linachitchula poletsa azungu kugula malo mwachindunji kwa Amaori. Mu Malichi 2023, Vatican inanena poyera kuti mfundo ya "kutulukira" si chiphunzitso cha mpingo wa Katolika, koma khoti la ku America silinafafanizebe chigamulo cha 1823. Mu 2005, anthu a mtundu wa Oneida anali atagulanso ndi ndalama zawo malo a makolo awo m'chigawo cha New York, n'kunena kuti asamalipire msonkho pamalowo. Khoti lalikulu la ku America lomwe lija linatchulanso mfundo ya "kutulukira", ndipo Aoneida analuza mlanduwo.