Champagne ndi keke ya ukwati siziyenderana

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuperekera vinyo m'mahotela, pali chinthu chimodzi chomwe ndimachiona pafupifupi pa ukwati uliwonse wapamwamba. Botolo lodula latsegulidwa, nthungululu zalira, mkwatibwi walumako keke n'kutsitsira champagne, kenaka nkhope yakwinyika. Wina amanong'ona kuti vinyoyo ndi woonongeka. Vinyo alibe mlandu. Shuga wa m'kekeyo ndi amene wachititsa kuti vinyoyo amveke ngati madzi a mandimu.

Kuwawasako n'kwachibadwa. Champagne ndi vinyo wathovu, ndipo dzinali n'la dera la kumpoto chakum'mawa kwa France, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Paris, kuzungulira mizinda ya Reims ndi Épernay. Kumeneko kumazizira, mphesa zimapsa movutikira. Nthaka yake ndi ya choko, choko chenicheni chonga cholembera pa bolodi, ndipo pansi pa Reims pali mapanga omwe anakumbidwa kalekale pofuna miyala yomangira. Lero ndi mogona mabotolo. Mphesa zodalirika ndi zitatu: Chardonnay, Pinot Noir ndi Meunier. Ziwiri zomalizazi ndi zakuda, koma amazifinya mosamala kuti madzi asatenge mtundu wa makoko.

Thovu lija sachita kupopera ngati la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Vinyo wopsa kale amamuthira m'botolo pamodzi ndi shuga pang'ono ndi yisiti, n'kutseka. Yisiti akamadya shugayo amatulutsa mpweya, mpweyawo n'kusowa potulukira, ndiye umalowerera m'vinyo momwemo mpaka mphamvu yake kuposa ya m'tayala la galimoto kawiri kapena katatu. Lamulo limati botolo ligone miyezi yosachepera 15, ndipo ngati mphesa zake n'za chaka chimodzi chokha, zaka 3. Nsenga za yisiti ndi zomwe zimabweretsa kafungo ka buledi wongotuluka mu uvuni. Anthu amakonda kunena kuti Dom Pérignon, mmonke wa ku Hautvillers yemwe anamwalira mu 1715, ndiye anatulukira thovuli. Si zoona, luso lake linali losakaniza mphesa za m'minda yosiyana.

Tsono vinyo wowawasa, wathovu, amafuna mchere ndi mafuta. Afalansa amamwera nkhono za m'nyanja zamtundu wa oyster, nyama ya nkhumba yokonzedwa mwa chi Reims, kapena tchizi chofewa cha Chaource. Ine ndinazimvetsa bwino tsiku lomwe mlendo wina anaitanitsa chambo chokazinga ndi tchipisi, n'kusiya theka la botolo kuti ife a kukhitchini tilawe. Ukamwa, mafuta onse m'kamwa amachoka, nthongo yotsatira n'kukoma ngati yoyamba. Nkhuku yokazinga nayo imayenda, ngakhale mtedza wothira mchere. Tsabola wa kambuzi yekha musiyeni, thovu limangosonkhezera moto wake.

Werengani pepala la pabotolo. Brut ndiye kuti shuga safika magalamu 12 pa lita, ndipo ambiri ogulitsidwa ndi otere. Demi-sec amakhala ndi magalamu 32 mpaka 50, ameneyu ndiye angalimbane ndi keke. Blanc de blancs ndi wa mphesa zoyera zokhazokha, woyenera nsomba. Blanc de noirs ndi wolemerako, amayenderana ndi nyama.

Dzina loti Champagne n'lotetezedwa ndi lamulo la France. Wopangidwa mwa njira yomweyi ku Alsace kapena ku Loire amatchedwa Crémant, wa ku South Africa amatchedwa Cap Classique, ndipo pa chambo chija palibe angakudzudzuleni mutasankha ameneyu, mtengo wake ndi wofikirika.

Potsegula, botolo likhale lozizira madigiri 8 mpaka 10. Gwirani chotsekera mwamphamvu, muzipotokola botololo osati chotsekera, ndipo musalozetse kwa apongozi.