Misozi ya mu Winter Sonata: luso kapena kukokomeza?

Anthu akamva kuti ndimaphunzitsa zisudzo amakonda kundifunsa ngati kulira kumene kumadzaza masewero a pa kanema a ku South Korea kuli luso kapena kukokomeza chabe. Ndimawayankha ndi Winter Sonata, sewero la zigawo 20 limene wayilesi ya kanema ya KBS2 inaulutsa mu 2002, motsogozedwa ndi Yoon Seok-ho.

Nkhani yake inasenzetsedwa katundu woposa msinkhu. Joon-sang, mnyamata wasukulu amene wafika mu mzinda wa Chuncheon kudzafunafuna bambo ake, agwa m'chikondi ndi Yoo-jin, kenako agundidwa ndi galimoto ndipo anzake auzidwa kuti wamwalira. Patapita zaka 10 atulukira ndi dzina lina, Min-hyung, zakale zonse ataiwala, Yoo-jin ali kale pachitomero ndi mnzawo wa kusukulu, Sang-hyuk. Kenako pabuka chikayiko choti Joon-sang ndi Yoo-jin ndi a bambo mmodzi, ndipo pomaliza Joon-sang achita khungu. Kuunjika masoka chotere si kwachilendo kumeneko, pakuti kunachokera ku zisudzo zomvetsa chisoni zotchedwa shinpa, zimene zinalowa ku Korea kuchokera ku Japan m'nthawi ya utsamunda.

Pa nkhani yotere, wochita sewero akalira mokuwa pa tsoka lililonse, oonera amatopa naye chigawo chachitatu chisanathe. Choi Ji-woo, amene anasewera ngati Yoo-jin, anazindikira zimenezi. Kamera ikamuyandikira kumaso salira msanga: amayamba waima chilili, maso ali tong'o, milomo ikunjenjemera pang'ono ngati munthu woti ali ndi mawu koma akuwameza, ndipo msozi umatsika woonera atauyembekezera kwa kanthawi. Ophunzira anga ndimawauza kuti chimene chimakhudza mtima pamenepo ndi kulimbana kwa mtsikanayo kuti asalire. Pa bwalo la zisudzo kachitidwe kotere kakhoza kutayika, chifukwa wokhala kumbuyo saona diso, koma kamera imakuza chilichonse, ndipo imaulula msanga wolira mwachinyengo.

Za Bae Yong-joon, amene anasewera ngati Joon-sang, ndili ndi mitima iwiri. Anali ndi zaka pafupifupi 30 pamene ankavala yunifolomu ya mwana wasukulu, ndipo m'zigawo zoyambazo kuuma kwa nkhope yake kumaoneka kochita kukonza. Akasanduka Min-hyung, wa tsitsi lofiirira, magalasi ndi mpango wa m'khosi, amamasuka, mawu ake amafewa, ndipo kumwetulira kwake kumagwira ntchito yaikulu. Komabe nthawi zina zovala ndi nyimbo ya piyano n'zimene zimasiyanitsa anthu awiri amene akusewera, pamene ntchitoyo inayenera kugwiridwa ndi thupi lake, kayendedwe ndi kapumidwe.

Zofookazo sizinalepheretse seweroli kuwoloka nyanja. Wayilesi ya kanema ya NHK itayamba kulionetsa ku Japan mu 2003, amayi ambiri achikulire anamukonda Bae mpaka kumutcha Yon-sama, dzina laulemu waukulu, ndipo chilumba cha Nami ku South Korea, kumene anajambulako achinyamata awiriwo akuyenda pakati pa mizere ya mitengo italiitali m'chipale, chinayamba kudzaza ndi alendo. Amene ndinam'mvera chisoni kwambiri ine ndi Sang-hyuk, chibwenzi chosiyidwa chija, chifukwa Park Yong-ha anamusewera ngati munthu amene akudziwa kale kuti waluza koma akupitiriza kukonzekera ukwati.