Mmene gule adalowera pakhomo la ansembe ku Mua

Kuchoka pa boma la Dedza kupita ku Mua si mtunda woti munthu n'kudandaula nawo, koma umakuvula zovala. Umanyamuka utavala juzi, phiri la Dedza litakutidwa ndi chifunga, ukafika pa Masasa n'kukhotera msewu wa Khwekhwerere. Galimoto ikamamaliza makona aja kutsikira ku Golomoti, juzi ija ili m'chikwama, thukuta lili kamukamu, ndipo mitengo ya paini yasanduka milambe. Ine ndinatsika msewu umenewu ndi amayi anga mwezi wa Julaye. Chimene chinandikoka ndi zithunzi za Bambo Claude Boucher, wansembe wojambula amene anthu a kuno amamutchula ndi mfunda wake woti Achisale. Ndinayamba kukonda dzanja lake ndili mwana, nditaona kakhadi ka Khirisimasi komwe agogo ankasunga m'buku lawo la mapemphero: Maria wakuda ngati amayi anga, atakhala pamphasa, mwana ali m'manja. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti kumwamba kuli azungu okhaokha.

Koma munthu sangamvetse zithunzi za pa Mua ngati sadziwa ndewu imene idachitika pamalopo iye wojambulayo asanabadwe n'komwe.

Ansembe a chipani cha White Fathers adafika pa Mua mu 1902. Sikunali kuyamba kuponda dziko lino. Mu 1889 anzawo adayesa kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi, zinthu sizidawayendere, ndipo mu 1891 adachoka. Pa Mua adapeza dera la mitundu itatu. Ufumu unali wa Angoni a kwa Kachindamoto, likulu lake ku Mtakataka. Anthu ambiri m'midzi anali Achewa. Cha kunyanja kunali Ayao, ambiri a iwo atalowa kale Chisilamu. Ansembewo adamanga nyumba ya njerwa m'munsi mwa mapiri, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, adayamba kupereka mankhwala, ndipo adatsegula timasukulu ta m'midzi. Mankhwala aja palibe adakana. Mkangano udabukira pa sukulu.

Mnyamata wa Chichewa anali nayo kale sukulu yake, ndiyo ya kudambwe. Akafika msinkhu, atsibweni ake ankamutengera kumeneko kuti akagule njira, akamve mwambo, aphunzire kulemekeza akulu ndi kusunga chinsinsi. Mtsikana naye anali ndi anamkungwi ake pachinamwali. Tsono pabwera mphunzitsi wa mishoni, akuti mwana akhale pansi aphunzire katekisimu, ndipo katekisimuyo akuti zilombo ndi ntchito za Satana. Sizidathere pomwepo. Ansembe ankaphunzitsa kuti mutu wa banja ndi bambo, pomwe m'mudzi wa Chichewa bambo ndi mkamwini, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wake wa mayi. Mawu amodzi okhawo ankalanda atsibweni ana a mlongo wawo. Mfumu ya mzinda, imene ulemu wake unali pabwalo la gule, inkaona anthu ake akupita kukaweruzidwa milandu ya ukwati pakhonde la ansembe.

M'zaka za m'ma 1920 zinthu zidafika pena. Akuluakulu a dambwe adayamba kulowetsa gule anyamata aang'ono kwambiri, n'cholinga choti sukulu isawapeze ali osameta. M'midzi ina timasukulu tidatsala mbee. Amishoni, a Katolika ndi a Dutch a ku Nkhoma omwe, adadandaula kuboma la atsamunda kuti gule aletsedwe, koma boma silidafune kumuthetseratu. Mpingo udagwiritsa ntchito chida chomwe unali nacho: Mkhristu wopezeka kubwalo ankaimitsidwa masakramenti, ndipo womwalira ali wa gule sankaimbidwa nyimbo za mpingo.

Gule adayankha m'njira yake, ndipo apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa makolo athu. Adatenga sompho, adasema adani awo. Kubwalo kudatulukira Simoni, nkhope yofiira psuu ngati mzungu wopsa ndi dzuwa la kunyanja. Kudatulukira Maliya, wovala zachikazi, wovina mofatsa, maso pansi. Amishoni adaona ngati n'kunyoza Petulo woyera ndi Amayi Maria, ndipo kunyozako kunalipo ndithu. Koma taganizani: chilombo ndi mzimu, chimachokera kumanda kumene kuli makolo. Kumupatsa mlendo malo pakati pa zilombo ndi kumulowetsa m'mudzi, kumuuza kuti nawenso uli pansi pa mwambo wa pano. Lero Maliya akatuluka, amayi amamuimbira ngati chitsanzo cha mkazi waulemu. Choncho ojambula oyamba pa nkhani imeneyi anali a kudambwe. Iwo ndiwo adayamba kujambula ansembe, zaka zambiri wansembe asanaganize zojambula iwo.

Mabala a ndewu imeneyi ali m'mabanja ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo lathu ndi limodzi mwa iwo. Agogo anga aamuna anali mphunzitsi wa katekisimu. Mng'ono wawo, bere limodzi, anali wa kudambwe mpaka imfa. Ankalima minda yogundana, ankabwerekana makasu, koma pa nkhani iyi sankayang'anana. Agogo aang'onowo atamwalira, agogo anga adakhala m'nyumba chitseko chili chotseka tsiku lonse, ng'oma zikulira panja, osakaponya dothi pamanda a mng'ono wawo. Amayi anali mtsikana nthawi imeneyo. Nkhaniyi sankakonda kuikamba.

Mphepo idayamba kutembenuka ndi msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, umene udalola kuti Misa ichitike m'zilankhulo za anthu ndiponso kuti mpingo ufunefune zabwino zimene zili m'miyambo yawo. Dayosizi ya Dedza nthawi imeneyo inali kale m'manja mwa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala wansembe wa Katolika, amenenso adakhala woyamba kukhala episkopi. Bambo Boucher adafika m'Malawi mu 1967 kuchokera ku Quebec m'dziko la Canada, ali mnyamata wodziwa kale kugwira burashi. Adaphunzira Chichewa chenicheni, cha miyambi ndi zining'a, n'kuyamba kukhala pansi ndi akuluakulu, kumaliro, kuchinamwali, polonga mfumu, akufunsa ndi kulemba. Mapeto ake naye adagula njira. Wansembe wa chipani chomwe chija chidalimbana ndi dambwe adakalowa kudambwe.

Mu 1976 adayambitsa Kungoni pa Mua pomwepo, poyamba ngati malo ophunzitsira ndi kulimbikitsa anthu osema ziboliboli. Ntchito za amisiri a pamenepa zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno ndi kunja komwe: mitanda, maguwa, zitseko, Yesu wa mphuno ngati yathu. Nyumba yosungiramo za chikhalidwe idabwera pambuyo, mishoni ikuyandikira zaka 100, ndipo adaitcha Chamare. Dzinali ndi la mmishonale wa ku France, Jean-Baptiste Champmartin, amene adagwira ntchito pa Mua kalekale. Anthu lilime lidawakanika, adangomuti Chamare, ndipo dzina la anthulo ndi limene lidalembedwa pakhoma.

Usanalowe n'komwe, makoma akunja amakuimitsa. Onse ndi ojambulidwa, chithunzi kutsatana ndi chinzake, mbiri ya dziko lino kuzungulira nyumba. Ndinaima nthawi yaitali pa Angoni ndi zishango zawo. Chimene ndimakondera dzanja la Achisale ndi chakuti sajambula munthu ali yekha. Pachithunzi chilichonse pali khamu, wina wasenza, wina wawerama, wina akuyang'ana kumbali ngati wamva kuitana, ndipo mitundu yake ndi ya dothi lathu lomweli, katondo, makande, phulusa. Utoto wina ukuoneka kuti wamenyedwa ndi dzuwa ndi mvula za zaka zambiri, ndipo ndinalakalaka atapezeka achinyamata ophunzitsidwa bwino oti aziutsitsimutsa osaononga mizere ya mwini wake.

M'kati muli zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza za mishoni ndi kukumana kwa Chikhristu ndi miyambo ya kuno. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Zonsezi n'zabwino, koma aliyense amadziwa kuti chimene anthu amatsikira Khwekhwerere ndi chipinda chapakati, cha Achewa.

Titafika pakhomo pake, amayi anaima. Anakonza chitenje chawo, n'kuyang'ana pansi.

“Amayi, lowani, palibe choopsa,” anatero mnyamata amene ankationetsa malo.

“Ayi bambo, pitani ndi mwana wangayu. Ine ndidikira pano.”

Sindinawakakamize. Mayi wa Chichewa amene adakula akuthawira m'nyumba kapoli akalira kumudzi sungamuuze kuti lero alowe akayang'ane zilombo m'maso chifukwa choti walipira pakhomo.

Ndinalowa ndekha. Pakati pa chipindacho pali mtengo wa kachere wochita kupanga, wofika kudenga, ndipo m'nthambi zake muli nkhope za gule mazanamazana. Kachere ndi mtengo umene makolo ankathirapo nsembe, choncho amene adakonza chipindachi adadziwa chimene ankachita. Chadzunda ali apo, wakuda bii, makwinya pamphumi, mano otuluka, tate wa zilombo zonse. Maliya ali apo. Simoni ali apo, m'nyumba ya ansembe amene iye adasemedwa kuti awaseke. Pansi pali zilombo zikuluzikulu zoluka, ndipo pakati pake kasiyamaliro, mayi wa zonse, amene amabwera kudzatenga mzimu wa womwalira kuuperekeza kwa makolo. M'makoma muli zithunzi ndi mawu ofotokoza moyo wa Mchewa kuyambira m'chikuta, kutenga mwana, chinamwali, ukwati, chisamba, ufumu, mpaka maliro ndi kumeta. Ndinamva tsitsi likuima. Sindinaone ngati ndili m'nyumba ya zinthu zakale. Ndinaona ngati ndalowa pamalo pomwe ndimayenera kuvula nsapato.

Pali anthu, ena a iwo akuluakulu a gule, amene chipinda chimenechi sichiwasangalatsa, ndipo mawu awo ndi olemera. Amati chilombo sichipachikidwa pamsomali. Chimafukulidwa, chimavina, chimabwerera kwawo. Kasiyamaliro weniweni, woluka ndi makoko a chimanga ndi udzu, amatenthedwa mwambo ukatha, kuti mzimu upite. Kumusunga chaka ndi chaka pamalo pomwe mwana wosameta ndi mlendo wa ku Germany angamuzungulire n'kumuyang'ana m'mimba, kwa iwo ndi kuvula gule. Enanso, a mbali ya mpingo, mpaka lero amafunsa kuti zilombo zikufunanji pabwalo la tchalitchi. Ndewu ya m'ma 1920 ija siidathe, idangotsika mawu.

Ine ndili kumbali ya chipindacho, ngakhale ndikumva kuwawa kwa amene akudandaula. Nkhope ya gule ndi mtengo, nthenga, sanza ndi utoto, ndipo chiswe sichiopa mizimu. Choopsa kuposa chiswe n'chakuti chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi mwambo umene chimaphunzitsa, wina wodzudzula mkamwini waulesi, wina mfumu yadyera, wina mwamuna wosakhazikika pabanja, ndipo zimenezi zimakhala m'mitu ya nkhalamba. Nkhalamba ikagona, zimagona nayo. Achisale adatha zaka makumi angapo akulemba mayina, nyimbo ndi matanthauzo amenewa, ndipo mu 2012 mbali ina idatuluka m'buku lalikulu. Pamene bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha dziko lonse lapansi, pa Mua ntchito yosunga chumacho inali itapita kale patali.

Ndiponso kuika zinsinsi pakhoma si chinthu chimene adabwera nacho mzungu. M'mapiri a Chongoni, kumtunda konkuno ku Dedza, muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, amene adakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera, zopakidwa ndi chala, ndi za Achewa eni ake, zina za chinamwali cha atsikana, zina za gule. Pa Namzeze pali zilombo zojambulidwa pathanthwe. Makolo athu adaona kuti zinthu zina n'zofunika kuzisiya pamwala kuti obwera m'mbuyo adzazipeze. Kusiyana kwake n'kwakuti mapanga aja anali obisika, ndipo wolowamo ankachita kutengedwa ndi namkungwi. Lero ena mwa mapangawo ana a sukulu adalembamo mayina awo ndi makala pamwamba pa zithunzi za zaka mazanamazana, zomwe zimandipweteka mtima kuposa chilichonse chimene ndinaona pa Mua.

Nditatuluka ndinapeza amayi atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akung'ung'udza kanyimbo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ankamva zonse zimene mnyamata uja ankandifotokozera. Ndinaiwala kuti pabwalo la gule oyankha nyimbo ndi kuomba m'manja ndi amayi. Nkhope sanazione, koma nyimbo zake ankazidziwa kuposa ine ndi mnyamatayo.

“Wamuona Chadzunda?” anandifunsa.

“Eya amayi, ndamuona.”

“Anabwera pamaliro a bambo aang'ono. Anavina mpaka fumbi kobo. Ife tinkaimba tili kuseri kwa nkhokwe, kuopa kuti agogo ako angationere pazenera.”

Anakhala chete pang'ono, kenaka anayamba kutchula zilombo zina zimene zinabwera tsiku limenelo, chimodzichimodzi, akuwerenga ndi zala. Anapitiriza tikuyenda kupita kumsewu wa Salima kukadikira galimoto, ndipo pamene tinkakwera Khwekhwerere, kuzizira kukuyambanso kulowa m'mafupa, anali akundiuza za m'mawa wa tsiku lotsatira, mmene agogo anga anatulukira m'nyumba kusanache, khasu paphewa, n'kukalima munda wa mng'ono wawo kuyambira m'malire mpaka kudambo.