Si dzuwa lokha limene limaumitsa zovala

Ndatopa kumva, chaka ndi chaka, zoti chovala chonyowa sichingaume popanda dzuwa. Si zoona ayi.

Madzi amasanduka nthunzi ngakhale kukuzizira, sachita kudikira kuti awire pa madigiri 100. Chimene chimachedwetsa kuuma n'chakuti nthunziyo imaunjikana mu kampweya kopyapyala kamene kamangoti phee pamwamba penipeni pa nsalu. Kampweyako kakadzaza chinyezi, madzi amasowa kolowera. Mphepo ikawomba imakachotsa n'kubweretsa mpweya wouma, ndiye madzi amatuluka msanga. Dzuwa limathandiza, inde, koma mphepo nayo imagwira ntchito yaikulu.

Chonde tisamafalitse zimene sitinafufuze. Izi mutha kuyesa nokha: nyowetsani tinsalu tiwiri tofanana, mutiyanike m'nyumba, kamodzi patsogolo pa fani, kenako patali. Pakapita kanthawi, tikhudzeni tonse.